Tsiku Limene Ndinakoka Nkhotakota ndi Chala Chimodzi

Aliyense amene wabwera ndi mtima wotsutsa azule foni yake pamagetsi anga pompano, apite nayo kumsika akatchajitse kwa anthu ophika mabatire aja, chifukwa m'kibanda mwanga muno, m'kashopu kangaka, bodza sililowa, limafika pakhomo n'kubwerera lokha. Inu mayi a matumba a usipa, ndakuonani mukupukusa mutu ndisanayambe n'komwe. Basi ya ku Mbinga sinyamuka isanadzaze, ndiye khalani pabenchi apo mumve. Ine Banda wa ku Nkhotakota, amene pa Mbamba Bay pano, tsidya lino la nyanja, amanditcha Fundi Mmalawi, kutanthauza mmisiri, ndinakokapo dziko la kwathu ndi chala cholozera ichi, ndi mitengo yake ndi anthu ake omwe, mpaka linafika pamwala uli kugombe uko. Ndikunena masana ano dzuwa likundiona.

Sukulu sindinapite nayo patali, ndipo miyendo yanga simwerana madzi ndi mpando. Ndadulapo nzimbe ku Dwangwa, ndakonzapo mawailesi ku Mzuzu, ndapetapo mpunga ku Kyela, ndagonapo m'madepoti a ku Mbeya ndi ku Songea mpaka alonda anayamba kundifunsa ine njira. Pano ndinangofika kuti ndione nyanja yathu kuchokera kumbuyo kwake, basi n'kupezeka ndaika sola padenga. Mlendo wina woyeza misewu anandisiyira tabuleti yosweka galasi, akuti yafa. Ndinaidzutsa. Mkati mwake ndinapezamo pulogalamu yobala mapulogalamu anzake.

Mukumva? Ana a ku koleji akafuna kupanga pulogalamu ya pafoni amalemba khodi, tizilembo tambirimbiri tondondozana ngati linthumbu. Iyi sinkafuna zimenezo. Kumanzere kunali shelefu, pashelefupo pali mabatani, mabokosi olembamo, zithunzi, maswichi ndi mapu. Kumanja kunali bwalo loyera lopanda kanthu. Umadina chinthu ndi chala, kuchikoka, n'kuchisiya pamene wafuna. Kenako umalumikiza ndi kachingwe, kuti ichi chikadinidwa, icho chichitike. Kunali kumanga nyumba ndi njerwa zowotcha kale.

Koma inu simunaione mmene inkaonekera kale, ndipo n'chifukwa chake ndimakumverani chisoni. Inali yotuwa ngati phulusa, mabatani ake a ngodya zinayi, olimba, osamwetulira. Sinkakufunsa ngati watsimikiza, sinkakulangiza. Ukaika chinthu chopendekeka chinkakhala chopendekeka, chifukwa mwini wake wafuna choncho. Inkakhulupirira munthu. Ndipo chinthu chikakukhulupirira chotero, chimakuchitira zimene ngakhale amene anachipanga sankazidziwa.

Ndinayamba ndi mvula. Mama Filipo, eni nyumba imene ndimagonamo, amayanika usipa pamathandala, umene kuno amati dagaa, ndipo chaka chimenecho mvula inkadikira kuti ayanike kaye kuti igwe. Ndinakoka swichi, n'kulembapo kuti Mvula, n'kuilumikiza ndi mapu a gombe lino. Nditaikankhira kumanzere, mitambo imene inkatsika m'mapiri umo inaima chiriri ngati ng'ombe zaona dibi. Usipa unauma mpaka unkalira m'thumba. Alimi a ku Liparamba anabwera ndi makasu paphewa, akuti chimanga chikufota, ndiye ndinachotsa swichi n'kuikapo kachinthu kotsetsereka, mvula kumtunda, dzuwa kugombe, ndipo malire ake anali owongoka moti ku Mbaha kunali mbuzi ina imene inkanyowa kumchira kumutu kukutuluka fumbi, ndipo utawaleza unasowa poima mpaka unakhala pansi pamphambano anthu n'kumaulumpha popita kutchalitchi. Inu kaka, achimwene a ku Lituhi, musaseke, funsani akuluakulu a kwanu. Adzakuuzani kuti anaiwala, koma sadzakuuzani kuti sizinachitike.

Chinthu chimodzi chokha chinkandivutitsa. Tsiku lililonse pasikirini pankatuluka kauthenga koti kwabwera mtundu watsopano wa pulogalamuyo, apudeti, wokongola, wa zinthu zambiri zatsopano. Ine ndinkadina kabatani koti nthawi ina. Ndipo ngakhale ndikanalola, netiweki ya pano masiku amenewo inali yowonda ngati mwendo wa udzudzu, sikanatha kusenza katundu ngati ameneyo. Apudeti ija inangokhala panja, kudikira ngati mkamwini amene sanamuuze kuti alowe.

Netiweki yowonda yomweyo ndi imene inachedwetsa mawu a mlongo wanga, a Nabanda. Anawajambula kumayambiriro kwa sabata, koma anandipeza Loweruka m'mawa, atatopa ndi ulendo.

"Achimwene, Esinta wapeza banja. Chinkhoswe ndi Loweruka lino masana. Mwinimbumba ndinu, wina kulibe. Tambala wa kuchimuna alandire ndani? Mukapanda kubwera ndingobwereka munthu, ngati mmene timabwerekera mipando ya kutchalitchi."

Esinta ndi mwana wawo, mphwanga. Ndinamusiya ali ndi magweru, atagwira buluku langa padepoti osafuna kulisiya. Nkhope yake ya ukulu sindinkaidziwa. Inu a kuno mwina simudziwa za kwathu, ndiye ndikuuzeni. Mwana wamkazi akamalowa m'banja, amene amaima kutsogolo si bambo ake, ndi amalume ake. Amalume ndi amene amapereka nkhuku yamsoti n'kulandira tambala wa kuchimuna, ndipo kuyambira tsiku limenelo, banja lija likagwedezeka limathamangira kwa iwo. Ndiye tamvani, ine ndili moyo, ndikupuma, miyendo iwiri, malo anga akhalepo munthu wobwereka.

Sitima kunalibe. Njira ya pamtunda, yozungulira ku Songea, ku Mbeya mpaka ku Songwe, ikanandifikitsa mbale zitatsukidwa kale ndipo mkwatibwi ali ndi mwana kumbuyo. Ndinalowa m'khola la Mama Filipo n'kugwira nkhuku yamsoti yofiira, yonenepa bwino.

"Fundi, nkhuku yanga ukupita nayo kuti?"

"Ku Nkhotakota, mama."

"Pa chiyani? Boti kulibe."

"Sindikupita ine. Ibwera yokha."

"Pole," anandipepesa m'Chiswahili, koma ananditsatira, chifukwa nkhani ya mvula ija anali asanaiwale.

Ndinakwera pamwala waukulu uja, nkhuku kukhwapa lamanzere, tabuleti pabondo. Ndinatsegula bwalo latsopano, n'kukokerapo mapu, n'kuwatambasula mpaka nyanja yonse inaoneka, ife kumtunda kuno kumanja, kwathu kumunsi uko kumanzere. Ndinaika chala pa Nkhotakota. Ndinapuma kamodzi. Ndinakoka.

Poyamba panalibe chimene chinachitika, kungoti agalu onse a pa Mbamba Bay anakhala pansi nthawi imodzi, kenako pansi pa nyanja panamveka kubuula ngati chitseko cha nkhokwe yakale, ndipo madzi anayamba kupindika, osati kusefukira ayi, kupindika makwinya ngati chitenje chimene mayi akuchisonkhanitsa m'manja, khwinya pamwamba pa khwinya, moti asodzi amene anali pakati anangopezeka ali pansonga ndi mabwato awo akuona madenga a ku Songea, wina mpaka anakuwira mkazi wake amene anathawira kumeneko kuti ndakuona, ndipo usipa unapanikizana m'makwinyamo mpaka unkatuluka pamwamba ngati utsi n'kumagwera wokha pamathandala, kampango wa pansi penipeni amene sanaonepo dzuwa chibadwire anatulukira akuphethira n'kupempha chipewa, ine ndikukokabe, chala chikutentha, galasi likufuka, Mama Filipo akuthira madzi padzanja langa madziwo n'kumawira. Mukumva? Pakati panjira chilumba cha Likoma chinanditsekereza. Sindikanachotsa chala cholozera, ndiye ndinatambasula kachala kakang'ono aka n'kuchikankhira pambali, pamodzi ndi Chizumulu, pang'onopang'ono kuti tchalitchi chawo chachikulu chija chisang'aluke. Belu lokha ndi limene linalira, anthu n'kuyamba kuvala zoyera poyesa kuti Lamulungu lafulumira.

Ndisanaone kanthu ndinayamba kumva fungo. Anzanga, dziko lililonse lili ndi fungo lake, ndipo ndanunkhiza maiko ambiri, koma ili ndinalizindikira likadali kutali. Mpunga wa kwathu uli pamoto, chinangwa chovuulidwa kumene m'madzi, matope a kudambo kumene tinkasakako mbalame, utsi wa nkhuni za mtondo. Kenako mawu. Nthungululu, ng'oma, ndi wina akukalipira ana m'Chichewa chenicheni chopanda Chiswahili ngakhale dontho, akuti chokani apo inu, mukuponda mphasa za alendo. Zaka zonsezi sindinkadziwa kuti ndinkasowa kukalipiridwa m'chinenero changa.

Ndiye dziko linatulukira, likubwera ngati ngalawa yaikulu, migwalangwa ikugwedezeka, mbuzi zitatambalala miyendo kuti zisagwe. Ndinaona msitu wa kumanda kumene kunagona amayi ndi abambo, unadutsa cha kumanzere mwakachetechete, ndipo ndikanakhala ndi dzanja lachitatu ndikanavula chipewa. Ndinaona nyumba ya a Nabanda, yofolera malata tsopano. Mtengo wa mango umene ndinausiya ukundilekeza m'chiuno unali utaphimba bwalo lonse, ndipo pansi pake panali anthu, akuchimuna mbali iyi, akuchikazi mbali iyo, pakati pali mpando umodzi wopanda munthu.

Wanga umenewo.

Ndinakoka mpaka pakati pa mwala wanga ndi mchenga wa kwathu panatsala kamtsinje koti mwana angathe kuponya chitsononkho n'kuwolotsa. A Nabanda anatembenuka. Imvi mbuu kutuluka m'duku. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, osadabwa n'komwe, ngati ndangochokera kuseri kwa nyumba.

"Achimwene, mwakalamba."

"Inunso, chemwali."

"Nkhuku mwabwera nayo?"

"Iyi."

"Ndiye fulumirani, atsikana atuluka kale."

Anali atatulukadi. Kwathu mkwatibwi sangomuonetsa ayi. Amatulutsa atsikana atawafunditsa zitenje kumutu mpaka kumapazi, n'kumavundukula mmodzimmodzi, anthu n'kumaseka kuti si ameneyu, bwererani mukatenge wina, mpaka womaliza ndiye mwini tsiku. Onama aja anali atavundukulidwa kale. Panatsala mmodzi, wamtali, atafunda chitenje chobiriwira, akubwera pang'onopang'ono azakhali atamugwira pamkono. Ndinaona mapazi okha. Zala zake zakumapazi zinali zotalikirana ngati za amayi athu.

Kunatsala kukoka kamodzi kokha kuti mchenga ugunde mwala, ndichotse chala, dziko likhale pomwepo monga mmene pulogalamu yakale inkachitira, ine nditsike ndi nkhuku yanga ndikakhale pampando. Koma ndinaiwala chinthu chimodzi. Pokoka Nkhotakota ndinakokanso nsanja yake ya mafoni, ndipo inali itaima apo, pafupi ngati mtengo wa papaya wa pakhomo. Tabuleti yanga, imene moyo wake wonse inkamwa netiweki ya madontho, inangoti tizindodo tonse tadzaza. Mkamwini uja anaona chitseko chili pululu. Sanaodire.

Sikirini inathima n'kuyakanso, chala changa chili pomwepo, koma nyumba inali ina. Phulusa lija linapita. Shelefu ya kumanzere anaibisa kuseri kwa timizere titatu. Bwalo loyera lija analijambula timabokosi ngati khola la nkhunda. Ndipo anabweretsa maonekedwe akuda, amene amati amapumitsa maso, ndiye poti mapu anga anali olumikizidwa ndi dziko, masana aja kunagwa mdima bii kuyambira ku Lituhi mpaka ku Dwangwa, asodzi anayatsa nyali, mileme inatuluka ikuyasamula, tambala wa kuchimuna uja anayamba kulira m'manja mwa mwini wake. Mu mdimamo, pakati pa sikirini panatuluka kankhope kozungulira, komwetulira, kakuti ndine mthandizi wanu watsopano. Kankalankhula Chiswahili, ndipo kataona dzina langa kanayesa ndi Chichewa chomwe.

"Karibu, Banda. Ndaona kuti zinthu zina sizili m'malo mwake. Ndikukonzereni?"

Pansi pake panali mabatani awiri. Kokana kanali kakang'ono, kotuwa, kobisala pakona ngati kamwana kamanyazi. Lovomera linali pakatikati, lolembedwa kuti Sawa, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse, chifukwa mabatani atsopanowa anawachotsa ngodya. Linali lozungulira, lonenepa, lachikasu, lowala mumdima. Dzanja lamanja linali litagwira dziko. Lamanzere linali litagwira nkhuku. Ndinawerama kuti ndidine kokana kaja ndi mphuno, ndipo powerama ndinayandikitsa mutu wa nkhuku pagalasi. Nkhuku imeneyo inakhala ikuona mabatani a ngodya zinayi pakhomo pa Mama Filipo osawalabadira. Koma ichi chinali chimanga. Ngakhale inu mukanakhala nkhuku mukanatero.

Inajompha.

Azakhali aja anali atagwira kale m'mphepete mwa chitenje chobiriwira, akuchikweza, ndinaona khosi, ndinaona mkanda woyera, ndinaona chibwano chili ndi kabowo pakati, ndipo pomwepo dziko linachoka pansi pa chala changa ngati nsomba yoterera, makwinya onse a nyanja anatambasuka nthawi imodzi ndi mkokomo umene unagwetsa mapapaya osapsa mpaka ku Mbinga, asodzi aja anatsika osadziwa kuti atsika, Likoma anabwerera pamalo pake belu likulira chobwerera m'mbuyo, dzanja la a Nabanda limene anali atanditambasulira linachepa, linachepa, mtengo wa mango unasanduka kadontho, kadonthoko n'kulowa m'chifunga, kuwala n'kubwerera, ndipo ndinapezeka ndili pamwala ndi nkhuku kukhwapa, kutsogolo kwanga kuli madzi okhaokha mpaka kumene maso amalekezera. Kankhope kaja kanati, "Zonse zili m'malo mwake tsopano." Tayang'anani chala ichi. Mizere ya pakhungu mukuiona? Mulibe. Inatsala ku Nkhotakota.

Mama Filipo anatenga nkhuku yawo n'kuibwezera m'khola. Mpaka lero mukawafunsa amangoti Fundi anakhala pamwala tsiku lonse osadya.

A Nabanda ndinawapeza pafoni patapita masiku. Chinkhoswe chinayenda, anabwereka mkulu wa mpingo. Nditawakumbutsa kuti tinaonana, kuti anandiuza okha kuti ndakalamba, anangoti, "Achimwene, mowa wa kumeneko amaphikira chiyani?" Sindinawakwiyire. Pulogalamu yatsopanoyi ikamakonza imakonza ndi m'mitu mwa anthu momwe.

Musaganize kuti ndimadana nayo. Ili ndi zake zabwino, ndisaname. Ukalakwitsa pali batani lobweza m'mbuyo, ngakhale kuti limakafika pa tsiku la apudeti n'kuima, kuseri kwake silidziwako. Muli mapulogalamu omangidwa kale, umangosintha dzina ndi mtundu. Anthu awiri akhoza kumanga chinthu chimodzi wina ali ku Mbaha wina ali kuno. Imagwira ntchito ngakhale netiweki itathawa. Ukhoza kungouza kankhope kaja kuti ndikufuna pulogalamu yoitanira njinga zamoto za bodaboda, iko n'kumanga tiyi asanazizire, ndipo yooneka bwino kuposa zanga zonse. Koma kachinthu kanga ka mvula anakachita kotuwa, akuti sikagwiranso ntchito mu mtundu uno. Mapu ukawagwira amagwedezeka pang'ono n'kubwerera m'kabokosi kake. Chilichonse chili ndi malo ake amene wina anachikonzera, ndipo chilichonse chimakufunsa ngati watsimikiza. Ndafunafuna yakale ija. Ndinapita mpaka ku Songea kwa mafundi anzanga, tinatsegula matabuleti akufa ambirimbiri. Imene yadzuka, ikangonunkhiza netiweki, imasanduka yatsopano.

Mayi, ndamva funso lanu ngakhale mwalinenera m'chitenje. Inde, chithunzi cha Esinta a Nabanda anatumiza. Chili m'foni umu, sindinachitsegule, ndipo sindidzachitsegula. Amalume saonera mphwawo pagalasi ngati katundu wa m'sitolo. Chitenje chija chinalekezera pachibwano ine ndikuona, ndipo chidzamalizidwa ine ndikuona. Ndipo inu kaka mukuti bwanji osangokwera basi. Munthu amene anabweretsa mudzi wonse pakhomo pake, ndi manda omwe, akakhale pampando wa pakati atanyamula nkhuku pamwendo, kondakitala akumuuza kuti mzee sogea, madala sunthani? Ine ayi.

Pali chimene ndinatulukira, ndipo ndikukuuzani inu nokha. Kankhope kaja kamaphethira. Ukakoka mapu pa nthawi imene katseka maso, dziko limasuntha kabokosi kamodzi, kochepa ngati njere ya mpunga, ndipo kakatsegula maso sikazindikira. M'mawa uliwonse ndisanatsegule kibanda ndimakwera pamwala paja n'kuba kabokosi kanga. Vuto lake n'lakuti mu mtundu watsopanowu nyanja sipindikanso, ndiye madzi akapanikizika amasowa kolowera, amakwera kumtunda. Mwaona nokha mmene adyera mchenga zaka zino, mmene alowera m'minda ya mpunga, mmene anthu asamutsira mathandala awo kumtunda. Pawailesi akuti ndi mvula ya kumapiri. Asiyeni anene, nawonso ayenera kudya. Ndi ine. Kwathu kukubwera, pang'onopang'ono, ndipo amene munamanga pafupi ndi madzi yambani kusamutsa njerwa zanu, chifukwa ine sindisiya.